Tsiku limene amayi sanandizindikire

Fungo la sipiriti kuchipatala dzulo linandikumbutsa ku Makanjira. Bambo anali mphunzitsi wochita kutumizidwa kumeneko, ndipo ine, posadziwa Chiyao, ndinalibe mnzanga wina koma amayi.

Malungo atawakwera kumutu, amayi anayamba kukuwa ndi kung'amba zofunda, mpaka anamwino anawamanga manja ndi chitenje. Nditayandikira bedi, amayi anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwana uyu ndi wa ndani?"

Anamwino ananditulutsira pakhonde. Ndili pomwepo ndinamva adokotala akuuza bambo mawu achingerezi akuti "frenzy".

Bambo atatuluka ndinawafunsa, "Ababa, mawu aja akutanthauza chiyani? Amayi achira?"

Anakhala pambali panga osandiyang'ana. "Ndi kuzunguzika koopsa, munthu osatha kudzigwira. Mawuwo anachokera kwa Agiriki. Iwo ankati nzeru za munthu zimakhala apa," anatero akundigwira m'munsi mwa nthiti. Anadzuka n'kubwerera m'kati.

Ndinatsala ndekha pabenchi, dzanja lili pomwe anandigwira paja. Ndinkapanikiza mwamphamvu kuti nzeru zanga zisathawe, uku amayi akuitana dzina la munthu amene sindinkamudziwa.