Miyendo Yam'mbuyo ya Ng'ombe

Chaka changa chachiwiri ku Croydon, kuno kudziko la azungu, ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Mwa anthu amene ndinkawasambitsa m'mawa munali agogo ena aamuna, mzungu wopindika msana, woti poyenda ankangoona pansi.

Tsiku lina ndikuwapukuta anati, "Msana uwu inandiwonongera ndi ng'ombe."

Ndinayesa anali mlimi. Ayi ndithu. Kwa zaka zambiri ankasewera m'zisudzo za pa Khirisimasi zimene kuno amati pantomaimu, momwe anthu awiri amalowa m'chinsalu chimodzi n'kusanduka ng'ombe. Mkulu wawo ankakhala kumutu, iwo kumbuyo, chowerama, atamugwira m'chiuno. Amene anayamba ntchitoyi m'banja mwawo anali agogo awo, m'zaka za m'ma 1800, pamene amphawi ankadzazana m'nyumba za zisudzo kudzakuwiza munthu woipa wa m'sewero ndi kumugenda ndi makoko a malalanje. Chinsalucho ankachisunga m'sutikesi pansi pa bedi. Chinkanunkha nkhungu.

"Ndiye munali otchuka?" ndinawafunsa.

"Ndani amadziwa nkhope ya matako a ng'ombe?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Pofika Disembala mutu wawo unali utasokonekera, ngakhale dzina langa linawathawa. Komabe ndinachonderera abwana athu kuti agogowo apite nawo ku sewero la pantomaimu la masana limene okalamba ena ankakaonera. Mumtima ndinkati akakaona ng'ombe akakumbukira. Ndinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka mzere wakutsogolo.

Ng'ombe italowa ikudzigwedeza, ana amene anadzaonera anakuwa ndi chimwemwe. Agogo anandigwira dzanja.

"Chimenecho n'chiyani? Ndichotseni muno, mayi!"

Anali atadzinyowetsa. Ndinatuluka nawo, n'kukawasintha kuchimbudzi. Tinadikira anzathu m'khonde kwa ola lathunthu, phwete la anthu likumveka kuseri kwa khoma. Agogowo ankangolira chamumtima, ine ndikudziimba mlandu.

Anamwalira dzinja lomwelo lisanathe. Mwana wawo wamkazi anabwera, anatenga wotchi ndi zithunzi, n'kunena kuti zotsalazo titaye. Ndinalakalaka kupita nayo kwathu sutikesi ija, koma kachipinda kathu tinkagonamo awiri, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko muno anali pafupi kutha. Sindinkadziwa komwe ndidzakhale ine mwini.

Sutikesiyo ndinainyamula kukaiponya m'bini yaikulu yakuseri, mvula ikuwaza. Pobwerera ndinakayala bedi lija, poti madzulo ake kunkabwera gogo wina.