Jombo za Atcheya pa Njerwa Zathu

Tchalitchi chathu chakale chinali chitang'aluka khoma, moti mlaliki akamapemphera ife a kwaya tinkaonerera mbuzi zikudutsa panja kudzera pamng'alupo. Mpingo utagwirizana zomanga chatsopano, mudzi uliwonse unapatsidwa masiku ake oumba njerwa. Ife achinyamata tinalonjezedwa chinthu chokoma kwambiri: ulendo wa pa lole kupita ku Mponela, kukaimba pa mwambo wosonkhetsa thandizo la malata.

Ndinali fomu 3. Ulendowo ndinkaulota ngakhale masana, m'kalasi.

Atcheya a komiti yomanga anali mkulu wa mpingo, bambo wamtali woyenda ngati akuyeza munda. Ankavala jombo ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo yakumanzere anaimata chigamba cha tayala la njinga yamoto. Lamulo lawo analinena paguwa: woponda njerwa zaziwisi, akakhala wa kwaya ku Mponela sapita, akakhala wamkulu atunga madzi oponderako dothi limodzi ndi amayi.

"Lamulo silisankha nkhope," anatero, mpingo n'kuvomera kuti ame.

Loweruka lina tinaumba kuyambira m'mawa. Masana anthu atabalalika kukadya, mnzanga anandiponyera mpira wa mapepala, ine n'kuuthamangira chakumbuyo, maso ali kumwamba. Ndinangomva kuzizira kumapazi. Ndinali pakati pa mzere wa njerwa zongotuluka kumene m'chikombole, ndipo phazi langa linali litasindikizika bwinobwino pa zingapo. Phazi langanso silibisika. Chala chachikulu chinapatuka ngati chikukwiyira zinzake, ndipo mudzi wonse umachidziwa.

"Mponela watha, aise," anatero mnzangayo, akubwerera m'mbuyo ngati sandidziwa.

Ndipo ndinawaona atcheya. Anali gone pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili kumaso, jombo atazivula n'kuziimika pambali ngati alonda. Mkonono wawo unkamveka mpaka kumjigo.

Ndinayenda chonyang'ama, ndinavala jombozo, ndipo paliponse pamene panali phazi langa ndinapondapo mwaulemu, molemera, mmene amayendera eni ake. Ndinawonjezerako mapazi awiri opita kumtengo wa mango kuti nkhani imveke. Jombo ndinazibwezera pamalo pake. Matope sindinapukute.

Amayi atabwera ndi udzu wofundikira njerwa, phokoso linabuka. Atcheya anadzidzimuka, anavala jombo mwachangu, nafika akupukusa mutu.

"Onse a kwaya bwerani kuno. Lero tiona."

Tinaima pamzere. Ine ndinakhazika nkhope ngati ya pamaliro.

Mayi wina wachikulire, mlamu wawo wa atcheya amene samawaopa n'komwe, anawerama n'kuyang'anitsitsa njerwa imodzi.

"Alamu, ana awa ayamba liti kuyenda pa tayala la njinga yamoto?"

"Mukuti bwanji?"

"Tadzutsani mwendo wakumanzerewo."

Anaudzutsa. Dothi lofiira linali lidakali lonyowa pachigamba. Mtsikana wina wa kwaya anaphulika ndi kuseka, ndipo tonse tinagwa nazo. Ine ndinaseka mochedwerako pang'ono, mwanzeru.

"Ine ndinali mtulo," anatero atcheya.

"Ndiye mumayenda kutulo, alamu? Akazi anu sanatiuzepo."

"Lamulo silisankha nkhope," wina anatero chapansipansi kumbuyo. Sindinali ine, ngakhale ndinkafunitsitsa.

Lolemba lake atcheya anafika ndi ndowa. Amayi anawapangira nkhata ya masamba a nthochi, anawasenza, n'kuyamba nyimbo yoperekeza mkwatibwi. Madzi ankatayikira m'khosi, malaya onse atanyowa, iwo ali njo ngati mlongoti, akukwera chitunda cha kumjigo. Anthu anachoka m'madimba kudzaonerera. Tsiku limenelo madzi anachuluka mpaka oponda dothi anapempha kuti apume.

Ku Mponela ndinapita. Pa lole tinaimba kuyambira pa tchalitchi mpaka pamsewu wa tala, fumbi lili m'kamwa, ine nditakhala pamwamba pa sipika ngati mwini galimoto. Tinaimba mpaka amalonda a fodya anapisa m'matumba, ndipo pobwerera tinadya tchipisi cha pachiwaya chimene sindinachiiwale.

Titatsika madzulo, atcheya anandikodola. Anandipititsa kuseri kwa uvuni kumene anasunga njerwa imodzi payokha. Chidindo cha jombo chinali pakati, koma m'mbali mwake munasuzumira chala chachikulu chopatuka.

"Mwana wanga, jombo yanga ili ndi chala?"

"Sindidziwa, abambo. Mwina ndi mmene anaipangira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndevu zikunjenjemera.

"Ndinachiona tsiku lomwelo. Koma woimba besi m'kwaya ndiwe wekha, ndipo malata timawafuna. Mawa ubwere ndi ndowa ya amayi ako, yaikulu ija."

Ndinatunga madzi mpaka uvuni unapsa, ndipo sindinadandaule ngakhale pang'ono. Mponela ndinali nditamuona kale.

Njerwa ija anaiwotcha, ndipo anauza amisiri kuti aiike pafupi ndi khomo la kumpoto, chidindo chikuyang'ana kunja. Akuti n'chenjezo kwa ana osamva. Ine Lamulungu lililonse polowa ndimaisisita pachala, ndipo ana a Sande sukulu ayamba kunditsanzira.