Dzina la Mwini Munda

Chaka chomwe kompyuta inafika pa kampani yathu yogula mtedza pa Mchinji boma, ine ndinali kalaliki wolemba mayina a alimi m'kaundula. Ndinasangalala ngati ndagula ndine. Ndinkaipukuta fumbi kawiri pa tsiku, isanayambe n'komwe kugwira ntchito.

Bwana anaitanitsa katswiri wa ku Lilongwe kuti atikonzere pulogalamu yogawira mbewu. Amene dzina lake lili m'kompyuta alandire, amene mulibe abwerere chimanjamanja. Katswiriyo anatsegula kope lake n'kufunsa kuti, "Bwana, mukufuna makinawa azichita chiyani kwenikweni?"

"Zosavuta," anatero bwana, munthu wokulira m'tauni. "Banja lililonse dzina limodzi, la bambo wa pakhomo."

Kwathu ku Chiosya mwamuna amabwera kuchikamwini, munda ndi wa mkazi. Ukwati ukatha amanyamula kachikwama kake, munda umatsala. Alamu anga, amuna a achemwali anga, anali atapita ku Chipata miyezi isanu mmbuyomo osatumiza ngakhale moni. Dzina lawo likanalowa m'kompyuta, achemwali anga sakanalandira mbewu, munda ukanagona chaka chonse, pakhomo pali ana anayi.

Ine pakamwa panga sipachedwa kuyabwa. "Pepani bwana, nanga bamboyo akathawa, mbewu tikaperekere ku Zambia?"

Bwana anandiyang'ana ndi diso loti tionana. Koma katswiri uja anatembenuza mpando. "Achemwali, tanenaninso bwinobwino, ndilembe."

Ndinanena zonse. Iye anakana kuyamba ntchito asanaone alimi eniake. Mawa lake tinakwera lole ya kampani mpaka ku Chiosya, ine kutsogolo ngati nduna. Amayi anamuzungulira, aliyense ndi yake nkhani: uyu amalima ndi mng'ono wake, uyu amuna ake ali ku esiteti ya fodya, uyu ndi wamasiye. Kope linadzaza. Titabwerera katswiriyo anataipa zofunika zonse pa pepala limodzi, pamwamba penipeni polembedwa kuti dzina likhale la mwini munda, ndipo anapempha bwana asaine.

"Mukadzafuna kusintha chilichonse, tidzakhalenso pansi," anatero. "Safunsa anadya phula, bwana."

Bwana anasaina akung'ung'udza. Ine ndinatuluka panja kukaseka ndekha kuseri kwa matumba.

Tsiku logawa mbewu mzere unafika kumsewu. Ndinkataipa ndi zala ziwiri, dzina n'kutulukira pomwepo, anthu n'kumaombera m'manja. Kenaka anafika achemwali anga, khasu atalisiya pakhomo pa ofesi. Sukulu analekezera sitandade thuu, koma zilembo za dzina lawo amazidziwa. Dzinalo litatulukira pa kompyuta, anasendera pafupi.

"Iwe, ameneyu ndi ineyo?"

"Ndinu, achemwali. Munda ndi wanu."

Anagwira galasi la kompyuta ndi chala, pa dzina lawo penipeni, n'kusiyapo kadontho ka dothi lofiira. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Sabata yonseyo kompyuta sindinaipukute.