Nsanza ya M'paipi ya Giza

Chaka changa chachitatu ku Jumeirah, kudziko la Aluya, abwana anagula kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, koti azikagonamo ndi banja lawo kuchipululu nyengo yozizira. Ine ndinali dalaivala, ndiye kusamala kanyumbako inali ntchito yanga. Pakhomopo Amalawi tinalipo awiri, ine ndi mayi wina wa ku Mulanje amene ankalera mwana wa abwana, kamtsikana ka zaka zinayi. Tinkangoitanana kuti achimwene, achemwali.

Ulendo woyamba, m'mawa wa mu Disembala, achemwali anayatsa giza, chija chotenthetsa madzi ndi gasi, n'kumusambitsa mwana m'katimo. Pasanathe ola mwana anayamba kusanza, kenako thupi lonse lefu. Achemwali nawo mutu unkawawawa, koma anawafunsa ndani? Ndinaliza galimoto mawindo ali pululu, ndipo mwana anatsitsimuka tisanafike n'komwe kuchipatala. Adona anagamula mlandu okha, ati wolera mwana anamudyetsa chakudya chogona. Ulendo wachiwiri zinachitikanso, adona n'kuti khalas, basi zatha, achemwali azipita kwawo. Achemwali analumbira, analira, koma palibe anawamvera. Ndinawaperekeza ndine ku eyapoti. Njira yonse ndinkatukwana adona chamumtima kuti ndi anthu opanda chisoni.

Patatha masabata atatu abwana anasamba m'kalavanimo, n'kutuluka akudzandira ngati amwa. Atakhala pamchenga kanthawi anati, "Yalla, usachedwe, mawa upite nayo kalavaniyi ku Ras Al Khor akaione."

Makaniko wa kumeneko anali mdala wa ku Pakistan, wa ndevu zoyera, wosalankhulalankhula. Anatsegula kachitseko ka giza kunja n'kuyatsa. Moto unabwera wachikasu, waulesi. Anapukusa mutu, ati umayenera kukhala wabuluu. Anapititsa chala pakhoma pamwamba pa kachitsekoko, chala bii ndi mwaye, n'kundilozera windo la bafa limene linali pomwepo. Kenako anatseka gasi, kudikira pazizire, n'kupisa waya m'paipi yotulutsa utsi. Atakoka, kunatuluka nsanza yopserera mbali imodzi. Mayo ine! Inali nsanza ya malaya anga akale.

Bambo anga ankagwira ntchito pachigayo ku Luchenza. Anatiphunzitsa kuti makina akamapuma uzitseka paipi ya utsi, mungalowe mvula kapena mavu angamangemo. Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itavuta, ndinatseka paipi ya giza ndi nsanzayo, ndikudziona ngati munthu wodziwa kusamala katundu wa eni. Ndinaiwala. Injini ya chigayo ukaiwala imatsokomola, imakuuza yokha. Giza imangoyaka phee, mpweya woipa n'kumabwerera m'nyumba.

Mdala uja anandiyang'ana nkhope ndipo anadziwa. "Habibi, mnzanga," anatero motsitsa mawu, "utsi umenewu suoneka, umangopha. Muli ndi mwayi. Abwana ako ndiwauza kuti unali mchenga."

Sindinama, ndinalakalaka kuvomera. Koma ndinatenga nsanza yanga n'kuika m'thumba.

Abwana ndinawapeza pakhonde masana omwewo. Ndinaika nsanzayo patebulo n'kufotokoza zonse. Ndinayembekeza kuti andithamangitsa, ndipo mwina ndikanapepukidwa. Koma iwo anati shukran, ndiye kuti zikomo, ponena zoona, agula kachipangizo kolira mpweyawo ukachuluka. Ndinapempha kuti awaitanenso achemwali. Adona anayankha akuyang'ana kumbali, ati mapepala anatsekedwa kale, wolera wina wabwera kale. Nkhani inathera pompo. Wolakwa ndinatsala pantchito, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Lamlungu nditachoka kutchalitchi ndinawaimbira foni achemwali ku Mulanje. Kumbuyo kwawo kunkamveka khasu ndi mawu a ana. Ndinati, "Achemwali, sichinali chakudya ayi. Ndine ndinatseka paipi ya utsi. Ntchito yanu ndinakupherani ndine."

Ndinakonzeka kuti anditukwane, ndipo ndinkafuna atero.

"Achimwene," anatero, "mwaitsegula paipiyo?"

"Ndatsegula."

"Chabwino. Mumuuze watsopanoyo kuti mwana uja amaopa madzi kumaso. Aziyamba kumusambitsa miyendo."