Tikiti ya ba sisi inalowa yokha

Loweruka lapitali, cha m'ma 2 koloko masana, kamakina koona matikiti pa geti kanauza mlongo wanga wamkulu kuti analowa kale. Iwo ali chiimire panja, ndodo m'manja, chikwama kukhwapa, ine ndikuwaona ndi maso angawa.

"Mami, tikiti iyi yangena kudala," anatero mwamuna wa pa geti, osadzutsa ndi mutu womwe.

"Nanga ine nili pano ndine ndani?" anafunsa ba sisi.

Kuchokera pamenepo, sabata yonseyi ndakhala ndikuyang'ana anthu a m'Chongwe muno ndi diso la kumbali.

Ndiyambe ndakuuzani za ba sisi. Ndi mayi wamasiye, amalima chimanga ndi nshawa ku Nkomeshya, ndipo mawondo anawathera. Ku Lusaka amapita kokha ngati kuli maliro kapena chipatala. Amayi anzawo a kutchalitchi akawaona Lachinayi atavala yunifomu yoyera sangakhulupirire kuti munthu ameneyu anavalapo thalauzi ya belo ndi nsapato za gogoda. Ine ndinaona, ndipo ndingachitire umboni kulikonse.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 70 tinkakhala kwa amalume ku Matero, mu Lusaka. Loweruka masana mu holo munkakhala shoo ya magitala aja olira mokalipa, nyimbo za roko zathuzathu, zoimbidwa ndi anyamata a tsitsi la nyankhalala. Ukalipira pakhomo ankakudinda chidindo cha inki pa mkono. Ba sisi ankalipira okha, n'kulowa, n'kutulukanso ngati aiwala kanthu. Kuseri kwa holo ankanyowetsa chidindocho ndi malovu n'kuchikanikiza pa mkono wanga. Zilembo zinkatuluka chagada, koma wapakhomo analibe nthawi yowerenga mikono.

Mkatimo ng'oma unkaimvera m'chifuwa, osati m'makutu. Simenti inkanjenjemera, mpweya unali wa thukuta ndi mafuta a tsitsi, ndipo woimba gitala wa gulu limene tinkalikonda ankaliliza mpaka waya kuduka, iye osaleka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Makutu ankalira mpaka Lolemba m'kalasi.

A gulu limenelo anatha onse. Watsala ndi wa gitala yekhayo, amene tsopano timangomutcha kuti Mdala. Mwezi watha ndinamva pa wailesi kuti aimba ku Lusaka ndi achinyamata ena, ndipo akuti ndi komaliza chifukwa zala zayamba kuuma. Nditauza ba sisi anati ndiwaperekeze, amuone kamodzi asanafe mmodzi wa iwo awiri. Chiyambire sanandipemphepo kanthu, ngakhale thumba la fetereza.

Tsono kugula tikiti masiku ano, abale! Kulibe zenera, kulibe munthu woti umuyang'ane kumaso. Zonse ndi pa foni. Ndinakanika masiku awiri. Ndikafika polipira, foni iti nthawi yatha, yambiraninso. Ndikayambiranso, mtengo wakwera, ati zotchipa zija zinali za ofulumira. Ofulumira ake ati, pamene ine ndinayamba tsiku lomwe analengeza? Mapeto ake ndinapita kwa mayi wina wa pa kantemba ka ndalama za pa foni pafupi ndi msika. Anatenga foni yanga, anadinadina, ndipo munalowa zithunzi ziwiri, chilichonse chili ndi kabokosi ka timadontho takuda. Anati matikiti ake ndi amenewo. Pepala ayi, chidindo ayi.

Tibwerere pa geti paja. Ine ndinatsogola, poganiza kuti ndiwatsegulire njira ba sisi m'chikhamu. Chithunzi choyamba kamakina kanachilandira, ndipo anandimanga kachibangili ka pulasitiki pa mkono, kaja kakuti ukamanga sikamasuka pokhapokha ukadule. Chithunzi chachiwiri kamakina kanachikana. Wa pa geti anati munthu wa tikiti imeneyo analowa isanakwane 1 koloko, nthawi imene ife tinali tikali m'minibasi, tikudikira kuti idzaze.

Ndinapempha kuti ndivule kachibangili kanga ndiwapatse. Anati kakaduka sikagwiranso ntchito. Ndinati ndigule tikiti ina. Anati zinatha. Chodabwitsa n'chakuti pambali pomwepo panali amuna atatu a majekete akunong'oneza anthu kuti ali nazo, pa mtengo woti ungagule mbuzi. Zinatha kwa ndani? Ndipo ndikanagula, ndikanadziwa bwanji kuti sindikugula tikiti ya gogo wina amene akali m'minibasi?

Tinapita kuseri kwa galimoto ina, monga kale kuseri kwa holo. Ba sisi anatulutsa mafuta odzola m'chikwama, anandipaka dzanja lonse, n'kuyamba kukoka. Kachibangili kanafika pa mfundo za zala n'kukana. Nkhalamba ziwiri, imvi mbuu, tikulimbana ndi pulasitiki. Ba sisi anaseka mpaka misozi, koma ine sindinaseke.

Ndinawapezera mwala pamthunzi pafupi ndi mpanda, ndipo ndinati adikire pang'ono ndilowe ndikaonane ndi akuluakulu a shoo. Ndinalowadi ndi mtima umenewo, Mulungu ndi mboni. Ndinafunsa ofesi, wina anandilozera ku tenti, ku tenti anandilozera kwa mkazi wa foni ziwiri, mkaziyo anati nditumize uthenga Lolemba. Pamene ndinkatembenuka kuti ndituluke, Mdala anakwera pa nsanja.

Ndinaima nyimbo zitatu. Ndalemba pano kuti ndisadzakane. Nyimbo zitatu zathunthu, ndipo amene mukudziwa nyimbo za nthawi ija mukudziwa kuti imodzi inkatha nthawi yoti munthu n'kusenda dengu la nshawa. Nditatuluka ndinauza ba sisi kuti nthawi yonseyo ndinali mu ofesi kukangana ndi anthu osamva. Iwo anangoti tiyeni tizipita dzuwa likalipo. Tinakwera minibasi kubwerera ku Chongwe.

Kuyambira Lamlungu ndinasanduka wapolisi. Woyamba kumuganizira anali mayi wa pa kantemba. Si ndiye anagwira foni yanga? Ndinakaima patsidya pa msewu ndikumuyang'ana mmene amawerengera makasitomala ake, ngati kuti tikiti ingaonekere pa chipumi. Ndinakumbuka kuti tsiku lija anandifunsa kawiri kuti shoo ili liti. Anafunsiranji kawiri?

Kenako ndinaganizira a pa geti. Ndani amayang'ana kamakina kaja kupatula iwo? Akakuuza kuti kakana, iwe ungatsutse chiyani? Ndipo amuna a majekete aja ankaimirira momasuka chotero chifukwa chodalira ndani? Ndinaganiziranso eni shoo, kuti mwina anagulitsa mpando umodzi kwa anthu awiri, podziwa kuti wachiwiriyo akadandaula kwa foni yosayankhidwa. Izi sindinazichotsebe mumtima, ndipo sindizichotsa.

Lachiwiri ndinaimbira mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Kitwe, kuti andithandize kulemba dandaulo. Anamvetsera zonse, kenako anandifunsa mofatsa, mofatsa mopitirira muyeso, ngati chithunzi chimene anaona pa sitetasi yanga mwezi watha chinali tikiti yeniyeniyo.

Inu amene mulibe mafoni otere, sitetasi ndi paja timapachika zithunzi kuti aliyense amene ali ndi nambala yathu aone. Eya, ndinapachikapo. Tsiku lomwe ndinagula, chimwemwe chitandikwera kumutu, ndinatenga chimodzi mwa zithunzi ziwiri zija n'kulemba pansi pake kuti achinyamata akale tikubwera. Mwanayo anati aliyense amene anachiona akanatha kuchijambula n'kukalowa nacho, chifukwa kamakina sikadziwa nkhope, kamangodziwa timadontho. Ine ndinkayesa ndikuonetsa anthu chithunzi cha tikiti, osadziwa kuti chithunzicho ndiye tikitiyo.

Mukuganiza kuti kukayikira kunathera pamenepo? Kunangosamukira pafupi. Wa pa geti sindimudziwa, koma amene amaona sitetasi yanga ndi anthu anga. Ndi a pa mpingo, anzanga amene tinkagwira nawo ntchito, achibale, aneba a pa maploti pano. Mmodzi wa iwo anadzuka Loweruka, anasamba, anakwera minibasi patsogolo pathu, n'kukalowa ndi tikiti ya mayi wa ndodo.

Ba Zulu a nyumba yoyandikana nafe anali ndi mawu osasa Lamlungu, ati chimfine. Chimfine chotani chosayetsemula? Mlamu wanga, amene chaka chonse sandiimbira, anaimba Lolemba kufunsa ngati shoo inakoma. Woimbitsa kwaya wathu ndinamumva akuimba chapansipansi kanyimbo kamene sikali m'buku la nyimbo. Mkazi wanga wandichenjeza kuti ndikapitiriza chonchi maliro anga adzabwera ndi anthu anayi, onyamula bokosi okha.

Ndikudziwa zimene mukunena, kuti iwe mkulu, amene unkalowa ndi chidindo cha malovu, lero ukulira chiyani? Ndavomera, tinali akuba. Koma ine ndikalowa ndi chidindo chagada, palibe amene ankatsala panja chifukwa cha ine. Holo inkangothinana pang'ono. Ndiponso wakuba wa nthawi ija ankaima pomwepo, mkono uli poyera, akagwidwa khofi lake ankalandira pamaso pa anthu. Wa lero amakubera ali pa sofa kwake, mawa n'kukupatsa moni wa manja awiri pa tchalitchi.

Kwa okonza mashoo ndili ndi mafunso, ndipo sindikuseka. Mukaitana woimba wa zaka za m'ma 70, mukuyembekeza kuti abwera ndani? Si ife a magalasi ndi mawondo olira? Nanga n'chifukwa chiyani khomo lake mwalipanga loti angalidutse ndi adzukulu athu okha? Chingakuvuteni n'chiyani kuika tebulo limodzi, munthu mmodzi wa buku, woti mayi akabwera ndi chitupa chake ndi nambala imene inalipira, amumvere? Mayi wa pa kantemba sanandichenjeze, uthenga wanu sunandichenjeze. Kapena chisokonezochi chili ndi amene chimawadyetsa?

Ndi ifenso, a m'badwo wanga, tatengera matenda a ana athu popanda kutengera nzeru zawo. Tikagula kanthu, pa sitetasi. Tikakwera basi, pa sitetasi, kuti akuba adziwe bwino kuti kunyumba kulibe munthu. Ine amene ndimadzudzula achinyamata m'danga lino ndinapachika tikiti ya mlongo wanga pa msewu kuti Ba Zulu adziwe kuti ndikali moyo.

Lachisanu ndinapita ku Nkomeshya. Ndinawapeza ba sisi pakhonde akutonola chimanga, miyendo atatambasula pa mphasa. Ndinakhala pa mpando, ndinatenga chitsononkho changa, ndipo ndinaulula za sitetasi, zonse, osabisa. Ndinayamba kutchulanso mayina a anthu amene ndikuwaganizira. Anandidula ndisanafike pa mlamu. Anati amene analowayo mwina nayenso ankamukonda Mdala, ndimusiye.

Ndinapuma, ndikuyesa kuti mlandu watha. Iwo anapitiriza kutonola osandiyang'ana.

"Pa mwala paja nyimbo zinali kumveka," anatero. "Osati bwino, koma zinali kumveka. Pamene anayamba yachiwiri, munthu wina mkati analiza likhweru la zala ziwiri, lija lokwera kawiri. Lameki, likhweru lija ninakuphunzitsa ndine."

Ndinalizadi. Sindinadziwe n'komwe kuti ndaliza mpaka atanena. Manyazi amene ndinamva pakhonde paja sindinawamvepo chikulire changa, ndipo ndinayamba kupepesa mawu akugwa m'kamwa.

"Kuti unaonerera sininakwiye," anatero. "Nikanakhala ine nikanaima nyimbo zisanu. Koma ine ninakhala pa mwala kuyembekeza kuti ukatuluka uzaniuza mwamene aonekera. Iwe wabwera na nkhani ya ofesi."

Anataya chitsononkho pa mulu, natenga china.

"Manje kamba. Akali kutseka maso akafika pakati pa nyimbo?"

Ndinati akali, ndipo mutu amaupendeketsabe kumanzere, kungoti tsopano amaimba atakhala pa mpando. Ba sisi analeka kutonola, natseka maso awo, ndipo anati ndiyambire pamene anakwera pa nsanja, ndisadumphe kanthu.