Dalaivala Amene Ankatsika pa Sikelo

Mayi a pasikelo anawaona koyamba a Chigubu tsiku limene lole ina inaima pa sikelo ya mgodi, chitseko n'kutseguka, n'kutsika bambo wamimba yotsogola, chipewa cholimba chili pamutu ngati chobwereka kwa mwana. Madalaivala ena ankangoliza huta n'kudutsa. Iwowa anafika mpaka pazenera.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ine munthu sindimupatsa moni wa huta."

Mayiwo, amene chimwalirire amuna awo ankaumira mawu, anangoti, "Ndadzuka," maso ali pa kompyuta.

Ntchito yawo inali kuyeza lole ikamalowa yopanda kanthu, n'kuiyezanso ikamatuluka ndi miyala. Kusiyana kwakeko ndi kumene kunkaonetsa kulimbikira kwa dalaivala. A Chigubu ankatsika polowa pokha. Potuluka mzere unkatalika, ndiye ankangokweza dzanja. Pazenerapo mayiwo anamva moyo wawo wonse pang'onopang'ono: anayamba ndi kuswa miyala ndi hamala, chiwongolero anachigwira imvi zitayamba kale, ndipo kunyumba ankalera ana a malemu mchemwali wawo, amene ankawatha nsapato kuposa msewu wa kudzenje la miyala.

Mwezi wina kunabwera kapitawo watsopano ndi wotchi m'manja, kudzayeza nthawi imene lole iliyonse imatenga pa ulendo. Ataona a Chigubu akutsika, anagwira m'chiuno.

"Akulu, ndiye kuti polowa lole imayezedwa inu mulibemo, potuluka mulimo?"

"Eya, bwana."

"Ndiye mimba yanuyi takhala tikuilemba ngati miyala!"

Madalaivala anaseka mpaka kugwira nthiti. "N'chifukwa chake sitimawapeza pa kulemera kwa katundu!" anakuwa wina. "Akwezedwe m'lole ameneyo, ndi katundu wa kampani!"

Kapitawo nayenso anaseka, koma lamulo anaika: wotsika pa sikelo asamutsidwira ku dzenje lakutali, limene malole ake sadutsa pazenerapo. Mayiwo anamva zonsezo ali pazenera. Apa m'pamene anadziwa kuti moni umenewo ndi umene unkawapepuza miyendo pobwera kuntchito.

Kutacha lole ija inaima, chitseko osatseguka. A Chigubu anangoyang'ana kutsogolo, nkhope ngati mwana womanidwa. Tsiku lonse zinatero, ndipo nthawi yawo pa wotchi ya kapitawo inakhala bwino ndithu.

Poweruka, mayiwo atakhoma ofesi, anawapeza a Chigubu pageti, atasamba, atavala malaya osita, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, m'mawa muja sitinaonane. Mwadzuka bwanji?"

Dzuwa linali litapendeka kale. Mayiwo anaphulika kuseka mpaka mlonda anasuzumira, kudabwa kuti mawu amenewo ndi a ndani.

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Ine ndadzuka pompano," anatero a Chigubu, akuwalandira chikwama. "Kunja kwa geti kuno wotchi ya kapitawo sifika. Tiyeni ndikuperekezeni, koma tiziyenda pang'onopang'ono, lole ino ndi yakale."