Beringi ya Tayala Lakumanja

Chaka chimene ndinakwatiwa ku Nkope, amuna anga anali ndi kapikapu kakale konyamulira usipa kupita nawo ku Namwera. Tayala lina lakutsogolo linayamba kulira galimoto ikamathamanga, ndipo iwo anati ndi lakumanja.

Tsiku limene kunabwera amakaniko, bambo wachikulire wa ku Nkhudzi, amuna anga anali atagona ndi malungo. Bamboyo anakweza galimoto pa jeke, n'kuchotsa tayala lija, n'kutulutsamo kachitsulo kozungulira kodzaza girisi wakuda. Anandifotokozera zambiri m'Chiyao, chimene ine wa ku Ntcheu ndinali ndisanayambe kuchimva. Ndinangotolapo zoti ndipite ku boma ndikagule kena konga komweko, dzina lake beringi.

Ndinaikulunga m'kansalu n'kukwera basi. Potsika, achinyamata a chipani anatiimitsa kuti aone makhadi, ndipo ine, poti maganizo onse anali pa beringi, ndinawatambasulira kansalu kaja. Anangoyang'anana. Khadi ndinalipeza pambuyo pake, n'kulidetsa ndi zala zagirisi.

Kusitolo wogulitsa anandifunsa, "Mayi, mukufuna yamkati kapena yakunja?"

Sindinkadziwa kuti pa tayala limodzi pamakhala ziwiri. Ndinamupatsa yakale ija kuti aone yekha. Anaipukuta, n'kuizunguliza ndi chala pafupi ndi khutu, n'kunena kuti iyi ndi yabwinobwino. Komabe anandigulitsa inzake yatsopano.

Kunyumba ndinapeza amakaniko apita kumzikiti, poti linali Lachisanu. Galimoto inali itakhazikidwa pa miyala, matayala onse awiri akutsogolo atachotsedwa. Ndinafunsa amuna anga chimene chachitika, koma iwo, ali njenjenje m'bulangete, anati amangomva kukhoma.

Bamboyo atabwerako anaika beringi yatsopano kumanzere, ndipo yakale ndinayenda nayo tsiku lonse ija anaibwezera kumanja komwe inachokera. Ndinaitana mayi woyandikana nafe kuti andifunsire chifukwa chake n'kundimasulira. Awiriwo anayankhulana nthawi yaitali, akuloza uku ndi uku, mpaka kuseka. Kenako mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Akuti mwachita bwino."

Galimoto anakaiyesa mumsewu ndipo kulira kunali kutatha. Potsazika, amakaniko anandiika m'manja beringi ina yodyeka, imene sindinaone pomwe anaichotsa, nati kudzera mwa mayi uja ndiisunge bwino. Ndinaiika pamwamba pa kabati. Inakhala pomwepo mpaka tinasamukira ku boma, ndipo palibe anabwera kudzaifunsa.